Mbaliwali za M'ng'anjo ya Ubongo

Atsibweni anga, amene adali mwinimbumba wathu kumudzi wina wa kumunsi kwa Mua, kumene mtsinje wa Nadzipokwe, utatsika m'mapiri, umayamba kuyenda mwaulemu kulinga kunyanja, adagwetsa chikho cha thobwa m'mawa wina wa m'chilimwe alikucheza ndi alendo pakhonde. Ndipo pamene adawerama kuti achitole, dzanja lamanja lidakana kumvera, pakamwa padakhotera mbali imodzi, mawu nawo adatuluka olemera ngati a munthu amene wachezera mowa usiku wonse, chikhalirecho mkuluyo sadalawepo ngakhale dontho chibatizidwire. Anthu amene adathamangira pakhomopo adadza ndi maina osiyanasiyana a chinthu chimodzi chomwecho. Wina adati BP yakwera, wina adati ndi sitiroko, amayi ena achikulire adanong'ona kuti pali dzanja la munthu, ndipo ambiri adangoti, "Afa ziwalo." Chimene chidandizunguza ine, nichikhala mumtima mwanga zaka zambiri, n'chakuti pa tsiku lachitatu, atagonekedwa kale m'chipatala, adali ofooka koposa tsiku loyamba lija, monga ngati mdani amene adawakantha pakhonde adabwereranso usiku kudzatsiriza ntchito yake.

Tsono ndiyenera kuyamba ndi kudandaula pang'ono za mawu athu, pakuti munthu amasamalira wodwala molingana ndi dzina limene wapatsa matendawo. Tikati munthu wafa ziwalo timaloza chala pamkono ndi pamwendo, pamene mkonowo ndi wofunda, magazi alikuyendamo, ndipo sudalakwe kanthu. Chimene chavulala ndi kachigawo ka ubongo kamene kamaulamulira, ndiponso kachigawoko kali tsidya lina, popeza ubongo wa kumanzere ndiwo umalamulira thupi la kumanja. Mawu akuti sitiroko tidabwereka kwa Angerezi, ndipo kwawoko amatanthauza kukantha, kotero amangonena za kudzidzimutsa kwake osaulula chimene chachitika m'kati. Ngakhalenso mawu akuti mtsempha amatisocheretsa, chifukwa timatchula nawo njira yodutsa magazi ndiponso ulusi wonyamula mauthenga, zinthu ziwiri zosiyana monga ngalande isiyanira ndi waya wa lamya. Sitiroko ina imadza mtsempha wa magazi ukaphulika, koma yochuluka imadza ukatsekeka ndi magazi oundana, ndipo kutsekekako madokotala amakutchula ndi mawu ochokera ku Chigiriki akuti ischaemia, ndiko kunena kuti kutsekereza magazi. Ine m'nkhani ino ndidzati chilala cha magazi, chifukwa chilala tonse timachidziwa kuno kuchigwa. Chilala chomwechi chimagwera mwana wobanika pobadwa, msodzi womira amene mtima wake waima, ndi mwana wa malungo aakulu, amene timitsempha ta m'ubongo mwake tadzaza maselo ofiira omatirira m'mbali.

Ubongo ndi mlendo wadyera amene sasungira mawa. Kulemera kwake ndi magawo 2 okha mwa magawo 100 a thupi lonse, koma umadya magawo pafupifupi 20 mwa 100 a okosijeni amene munthu wokhala phee amagwiritsa ntchito. Ku Golomoti, pamene adatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 m'chaka cha 2022, adaikaponso mabatire aakulu osungira mphamvu kuti mtambo ukaphimba dzuwa magetsi asadukire pomwepo. Ubongo ulibe batire lotere, ulibe nkhokwe. Mnofu wa ntchafu ungathe kupirira ola lathunthu ndi kupitirira magazi atatsekedwa, koma magazi akaleka kufika kumutu munthu amakomoka m'masekondi ngati 10, ndipo zisanathe mphindi 5 kamphamvu kamene kadatsala m'maselo kamakhala katatheratu.

Pafupifupi okosijeni yenseyo amathera m'tinthu ting'onoting'ono tokhala m'kati mwa selo, timene Carl Benda wa ku Germany adatitcha mitochondria m'chaka cha 1898, polumikiza mawu awiri a Chigiriki otanthauza ulusi ndi kanjere, pakuti ndimo timaonekera pagalasi lokulitsa zinthu. Dzinali lidafika kwathu litavala kale chovala chathu, poti limayamba monga mitengo ndi mitsinje, choncho palibe cholakwa tikamati mitokondiriya iyi, mitokondiriya yathu. Ndiponso Mchewa ayenera kumwetulira akamva kuti munthu aliyense padziko lapansi, ngakhale wa mtundu wolowola, amalandira mitokondiriya yake kwa amake okha, amakenso kwa amawo, kotero kuti m'nkhani imeneyi bambo ndi mkamwini ndithu, ndipo moto wa m'thupi umatsata bele. Ntchito yake ndi ya ng'anjo: chakudya ndicho makala, mapapo ndi mtima ndiwo mvukuto, ndipo chotuluka pachipala ndi kanthu kotchedwa ATP, kamene selo limalipira nako ntchito iliyonse monga ife tilipirira ndi kwacha. Peter Mitchell wa ku England adalongosola m'chaka cha 1961 m'mene ng'anjoyi imagwirira ntchito, ndipo anzake ambiri adayamba amukana, kufikira adalandira mphoto ya Nobel mu 1978. Tinthu tonyamula mphamvu totchedwa maelekitironi, tochotsedwa m'chakudya, timapatsiridwa kuchoka pa dzanja lina kupita pa lina monga njerwa pamzere wa anthu omanga tchalitchi. Mphamvu yotuluka pamenepo imaunjikidwa kuseri kwa kakhungu ka m'kati monga madzi a Shire aunjikidwira pa Nkula, ndipo potsika imazunguza kamakina kosula ATP, kamene kamazungulira ndithu ngati gudumu. Kumapeto kwa mzerewo kumaima okosijeni, wolandira maelekitironi ndi kusanduka madzi.

Apa ndipo pali mawu ena amene ndikangana nawo. M'masukulu ndi m'zipatala timakonda kutchula okosijeni kuti mpweya wabwino, ndipo inde ndi wabwino, monga moto uli wabwino pamafuwa. Koma ndi yemweyo amene amadya khasu losiyidwa pamvula kufikira lichita dzimbiri, amadetsa peyala lodulidwa, nasandutsa mafuta a usipa wokhalitsa kukhala owawa ndi onunkha. Rebeca Gerschman, mayi wa ku Argentina, adalemba pamodzi ndi anzake m'chaka cha 1954 kuti okosijeni wochuluka amawononga thupi mwa njira yofanana ndi cheza cha X-ray. Palibe ng'anjo yosathetheka. Pamzere wa njerwa uja, elekitironi ina imapulumuka m'manja isanafike kumapeto, nigwera pa okosijeni nthawi isanakwane, ndipo pamenepo pamabadwa chinthu chotchedwa superoxide, choyamba cha gulu limene asayansi amati free radicals. Ine ndidzazitcha mbaliwali. Khalidwe la mbaliwali ndi ili: maelekitironi amakonda kukhala awiriawiri, ndipo chinthu chimene chatsala ndi imodzi yopanda mnzake chimachita monga munthu wolanda mkazi wa mwini, wolandidwayo nakalandanso wa mnansi wake, mnansiyo wa winanso, kufikira mudzi wonse uli pabwalo la milandu. Ubongo ndi wodzala ndi mafuta a mtundu wosachedwa kulandidwa chotero, ulinso ndi ayironi wambiri, ndiye kuti ndi nyumba yofoleredwa ndi udzu wouma yokhala ndi chipala m'kati mwake.

Kukadapanda alonda, palibe mwana akadafika pa msinkhu wokwawa. Alonda amenewa ndiwo amatchedwa ma antioxidant, mawu amene amalonda awatola nawamata pamabotolo a timadziti, kotero kuti ambiri amayesa ndi chinthu chogula. Koma alonda enieni, amene amagona pakhomo pa ng'anjo usana ndi usiku, selo limawasula lokha. Woyamba kukumana ndi mbaliwali adadziwika m'chaka cha 1969, pamene Joe McCord ndi Irwin Fridovich a pa yunivesite ya Duke ku America adazindikira ntchito ya superoxide dismutase, imene mwachidule amati SOD. Iyi ndi enzaimu, ndiko kuti chofulumizitsa ntchito chimene sichitha pogwira ntchitoyo, ndipo sindikonda kuitcha mchere wa m'thupi monga ena achitira, pakuti mawu akuti michere tawasenzetsa katundu wochuluka kale. SOD ya m'kati mwenimweni mwa mitokondiriya ili ndi kachitsulo ka manganizi pamtima pake, ndipo mbewa zoyeserera zimene zidabadwa zopanda SOD imeneyi zidafa zili makanda. Komabe mlondayu satsiriza mlandu: amangosandutsa superoxide kukhala hydrogen peroxide, madzi aja amene amachita thovu akathiridwa pabala. Thovulo ndi ntchito ya enzaimu ina, catalase, imene ili yochuluka m'magazi ndi m'chiwindi koma yochepa m'ubongo. Choncho ubongo umadalira alonda ena, glutathione peroxidase ndi peroxiredoxin, kuti asandutse madzi oopsawo kukhala madzi wamba. Akachedwa, ndipo madziwo akakumana ndi ayironi womasuka, pamabadwa mbaliwali yolusa kopambana zonse, hydroxyl, imene ilibe enzaimu yoigwira, ndipo imaluma chilichonse choyandikana nacho pomwepo. Mutu umodzi susenza denga: SOD yochuluka yopanda anzake oitsata ingathe kungounjika tsoka pakhomo lina.

Chishango chimene glutathione peroxidase amatchinjiriza nacho ndi glutathione, dzina limene adapereka Frederick Gowland Hopkins mu 1921. Mitokondiriya siipanga yokha glutathione, imachita kulowetsa kuchokera kunja kwake m'selo momwemo, ndipo chishango chilichonse chikalasidwa kamodzi chiyenera kukonzedwanso chisanabwerere kunkhondo. Taonani tsono chinthu chomvetsa chisoni: mphamvu yokonzera zishangozo imachokera m'chakudya chomwecho chimene magazi amabweretsa. Chilala chimene chimazimitsa ng'anjo chimagonetsanso alonda ndi njala.

Pali kanthu kena kamene kamamanga nkhaniyi ku dothi la minda yathu. M'chaka cha 1973 kudadziwika kuti glutathione peroxidase sagwira ntchito popanda seleniyamu, kamchere kofunika pang'ono zedi, kamene mbewu zimakoka m'nthaka. Allan Chilimba, katswiri wa za nthaka wa kuno kwathu, adafalitsa pamodzi ndi anzake mu 2011 zimene adapeza atayeza chimanga ndi dothi la m'zigawo zambiri za Malawi, kuti chimanga cha m'madera ochuluka chili ndi seleniyamu wochepa kwambiri, kupatula cholimidwa pa dothi lina la makande monga la ku chigwa cha Shire. Ndipo popeza Mmalawi amati sadadye ngati sadaone nsima, kuchepa kwa m'mundaku kumafika m'magazi. Dziko la Finland lidayamba kuthira seleniyamu m'feteleza mu 1984, ndipo mu 2019, kwa mfumu yaikulu Wimbe ku Kasungu, amayi ndi ana amene adadya ufa wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wotere adapezeka kuti seleniyamu wakwera m'magazi mwawo. Ife a kumunsi kuno tili ndi mwayi wa nsomba, pakuti usipa ndi utaka zili naye. Koma ndisanamize munthu kuti mbale ya usipa ichiritsa sitiroko. Ndiponso thupi, pokhala lanzeru, likaona kuti seleniyamu wachepa limamana ziwalo zina kuti lisungire ubongo.

Tibwerere tsono pakhonde pa atsibweni. Mtsempha utatsekeka, ATP imatha, ndipo timapampu timene timatulutsa mchere m'selo timaima. Madzi amatsata mcherewo, selo nilitupa. Maselo osautsidwawo amakhuthula glutamate, amene mwa masiku onse ndi mthenga waulemu pakati pa selo ndi selo, koma akachuluka amasanduka mfuu yosalekeza imene imatsegula makomo a maselo oyandikana nawo, kashiamu nalowa ngati madzi osefukira, mitokondiriya niyesa kummeza kufikira ilema. Sikuti chigawo chonse chimafera limodzi. Amene adaonapo minda ya mpunga ya ku sikimu ya Bwanje akudziwa kuti ngalande ikatsekeka, munda wa pakati penipeni umauma msanga, koma ya m'mphepete imafota chabe, ikumwa chinyezi chodzera kwa anansi. Jens Astrup, Bo Siesjö ndi Lindsay Symon adatcha mphepete imeneyi penumbra mu 1981, pobwereka mawu onena za mthunzi wopepuka wozungulira mdima wa kadamsana. Maselo a mmenemo aleka kulankhula koma sadafe, ndipo nkhondo yonse ya madokotala ili pa iwo.

Munthu akadayesa kuti magazi akabwerera zonse zatha. Koma mayi aliyense wogulitsa zoziziritsa kukhosi pa Mtakataka amadziwa kuti magetsi akazima ayenera kuthamanga kukazula pulagi ya firiji pakhoma, pakuti chimene chimaotcha firiji ndi kubwera kwa magetsiwo. Zoterezi adaziona Robert Jennings m'mitima ya agalu mu 1960, ndipo madokotala amati reperfusion injury, kuvulala kwa pobwerera magazi. Mu 2014, Edward Chouchani ndi anzake a ku Cambridge adaonetsa chiyambi chake: m'nthawi ya chilala, kanthu kotchedwa succinate kamaunjikana m'ubongo, mumtima ndi m'impso monga zinyalala ziunjikana kuseri kwa mlatho, okosijeni akangofika, mulu wonsewo umatenthedwa mwaliwiro lotere kuti maelekitironi amabwerera chambuyo pamzere wa njerwa uja, nakhuthukira pa dzanja loyamba, ndipo m'mphindi zoyambazo mbaliwali zimabuka zochuluka koposa zimene alonda anjala aja angathe kuzima. Kashiamu ndi mbaliwali zikagwirizana, pa kakhungu ka m'kati ka mitokondiriya pamatseguka chiboo, damu la mphamvu lija niligumuka. Mitokondiriya yotupa imataya cytochrome c, mmodzi wa opatsira njerwa, amene akatuluka kunja amasanduka mthenga wa zovuta wouza selo kuti lidzimangire maliro lokha. Imfa yadongosolo imeneyi idapatsidwa dzina lakuti apoptosis mu 1972, mawu a Chigiriki onena za kuyoyoka kwa masamba, monga milambe ya m'mbali mwa msewu wa ku Salima ichitira mvula ikatha. Takaaki Kirino wa ku Japan adaonetsa mu 1982 kuti tinyama tonga mbewa tikatsekedwa magazi a kumutu mphindi 5 zokha, maselo a chigawo chosunga chikumbumtima cha zinthu zatsopano amaoneka amoyo tsiku loyamba, nayamba kufa patapita masiku 2 kufikira 4. Nthawi yomweyonso ubongo umanka nutupa m'chigaza chosatanuka, ndipo kuopsa kwa kutupako kudaonekera ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo adajambula ndi makina a MRI ana 168 odwala malungo a m'ubongo, nalengeza mu 2015 kuti mwa ana 25 amene adamwalira, 21 adali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mdani wa tsiku lachitatu uja ndidamupeza m'zinthu zimenezi.

Nanga bwanji osangomwetsa wodwala alonda a m'botolo? Anthu adayesa, ndipo adayesa ndi chuma chambiri. Mu 2006 ofufuza ena adawerenga mankhwala ndi njira 1,026 zimene zidayesedwa pofuna kuthandiza ubongo wogwidwa ndi sitiroko, zochuluka za izo zitaoneka zabwino pa makoswe, koma zimene zidafika poyesedwa pa anthu pafupifupi zonse zidagwa chagada. Mankhwala otchedwa NXY-059, opangidwira kugwira mbaliwali, adapatsa anthu chiyembekezo m'chaka chomwecho, koma atayesedwanso pa odwala oposa 3,000, zotsatira za mu 2007 zidaonetsa kuti sathandiza. Ena, edaravone, adaloledwa ku Japan mu 2001, koma maiko ambiri sadawalandire pa matenda amenewa. Zifukwa zake n'zomveka: moto umabuka m'mphindi zoyamba, m'chipinda cha m'katikati, pamene mankhwala amafika mochedwa naima kubwalo. Ndiponso khoswe akakhala pamkhate sapheka, pakuti mbaliwali zochepa ndizo zimadzutsa selo kuti lisule alonda ambiri. Kazuo Kitagawa ndi anzake adaonetsa mu 1990 kuti ubongo umene udalawako kachilala kakafupi umapirira bwino chilala chachikulu chikadza patapita masiku angapo. Wozima mbaliwali zonse amagonetsanso mlonda tulo. Malambe athu ali ndi vitamini C wochuluka, ndipo ndi chakudya chokoma chimene ana athu ayenera kudya osachita nacho manyazi. Koma wogulitsa ufa kapena timadziti ponena kuti zitsuka ubongo wa munthu wa sitiroko alikudyera masuku pamutu anthu a pamavuto.

Kumene nzeru imeneyi yapulumutsa miyoyo mooneka ndi m'chipinda chochirira amayi. Kale mwana akabadwa wobanika, wolefuka, wosalira, chizolowezi cha m'maiko onse chidali kumpopera okosijeni wosasakaniza, poganiza kuti chabwino sichichuluka. Ola Didrik Saugstad wa ku Norway ndi anzake adakhala zaka zambiri akuonetsa kuti makanda opoperedwa mpweya wamba, umene uli ndi magawo 21 okha a okosijeni mwa 100, amatsitsimuka chimodzimodzi, ndipo omwalira amachepa. Kotero mu 2010 malangizo a padziko lonse adasinthidwa, kuti mwana wobadwa masiku atakwana ayambe ndi mpweya wamba, okosijeni aonjezedwe pokhapokha kachipangizo koyezera kakaonetsa kuti akuperewera. M'chaka chomwecho mudayamba maphunziro otchedwa Helping Babies Breathe, amene adafikanso kwa anamwino ndi azamba a m'Malawi muno. Mzamba amapukuta mwana, namsisita pamsana, ndipo akaona kuti sapuma, isanathe mphindi imodzi amavundikira kachigoba pamphuno ndi pakamwa, nafinya kathumba ka mphira ndi zala zake, maso ali pachifuwa cha mwanayo kuona ngati chikukwera. M'kathumbamo mulibe china koma mpweya womwewo wa m'chipindamo.

Zonsezi zisachititse munthu kuganiza kuti magazi achedwe kubwerera. Jeffrey Saver adawerengera mu 2006 kuti pa sitiroko yaikulu maselo a ubongo okwana 1.9 miliyoni amafa mphindi iliyonse imene mtsempha uli chitsekekere, ndipo mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa asanathe maola 4 ndi theka, wodwala atajambulidwa kaye m'mutu kuti atsimikize kuti mtsempha sudaphulike. Makina ojambulirawo ali m'zipatala zazikulu za m'mizinda, ndipo munthu wa ku Mua, kuti awafike, ayenera kukwera phiri la Golomoti kapena kuzungulira ku Salima. Chifukwa chake kwa ife nkhondo yaikulu ili pa kuyezetsa BP ndi shuga munthu akadali woyenda, kumwa mankhwala osadukiza ngakhale mutu usakupweteka, kuchepetsa mchere mu ndiwo, kuleka fodya, ndi kudziwa m'mene magazi alili pa nkhani ya HIV, popeza kafukufuku wa ku Blantyre adaonetsa kuti kachiromboka kosalandira mankhwala ndi chimodzi mwa zoyambitsa sitiroko zazikulu pakati pa achinyamata.

Ndipo inu amene mudzaona pakamwa pa mbale wanu pakukhota, kapena chikho chikugwa m'dzanja lake, kapena mawu ake akulemera, yang'anani nthawi pa foni ndi kuisunga pamtima, pakuti dokotala adzakufunsani. Musamumwetse madzi kapena phala, chifukwa akhoza kutsamwa. Musadikire kuti abale asonkhane kaye, ndipo musayambe ndi kufunsira. Ife tidataya theka la tsiku pakhonde paja tikudikira mkulu wina wa kubanja kuti adzalamule. Atsibweni adakhala zaka zina 4 akuyenda ndi ndodo, akumva zonse ndi kugwedeza mutu pa milandu ya mbumba, koma dzina langa sadalitchulenso.